Bwereketsani Foni, Musabwereketse Dzina

Mdzukulu wanga wina, mnyamata amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anakhala pakhonde panga tsiku lina masana atakwinya nkhope, chala chikungogogoda pagalasi la foni ngati nkhuku yojompha chimanga. Nditamufunsa chimene chamukwiyitsa, anati pulogalamu ina imene anaika pafoni yake ikumukaniza kutsegula akaunti yachiwiri. Eni pulogalamuyo amapereka kamphatso kwa aliyense wolembetsa koyamba. Iye kake analandira kale n'kudya, ndiye amafuna alembetsenso ndi dzina lina kuti alandirenso. Pulogalamuyo inangomuyankha kuti nambala imeneyi ili kale ndi akaunti. Atayesa nambala ya mlongo wake, inamuuza kuti foni imeneyi yalembetsa kale munthu. "Agogo, anthu awa ndi oumira," anatero. Ndinaseka, koma usiku umenewo ndinagona mochedwa, chifukwa nkhaniyi ndi yakale kuposa foni, ndipo ndaona ana a eni ikuwagonetsa kupolisi. Choncho senderani kuno, adzukulu anga, ndikutsineni khutu.

Ine ndinakhalapo mlembi wa kagulu kosunga ndi kubwereketsana ndalama kumudzi kwathu, kamene masiku ano mukuti banki mkhonde. M'buku lathu munthu aliyense anali ndi tsamba limodzi. Masheya ake, ngongole yake, chindapusa chake akachedwa kumsonkhano, zonse zinkalembedwa patsamba lomwelo. Chaka china mayi wina anabwera ndi nzeru: anati tilembe dzina la mwana wake wamkazi amene anakwatiwa kutali, iye azimuimirira. Tonse tinadziwa kuti akufuna kumatenga ngongole ziwiri pomwe anzake akutenga imodzi. Panalibe amene anamukalipira, tinangomuyang'ana, amayi ena n'kuseka chamumtima, nkhani n'kuthera pomwepo. Sitinkafuna chiphaso chilichonse chifukwa tinkadziwana mpaka mayina a agogo.

Pulogalamu ya pafoni ilibe maso amenewo. Siidziwa kuti ndinu mwana wa yani, siidziwa mfumu yanu, siingaone kuti amene wabwera lero ndi chipewa ndi yemwe uja anabwera dzulo wopanda chipewa. Imangoona manambala. Ndiye eni ake amafunafuna chikhomo choti amangirirepo akaunti monga timamangirira mbuzi, ndipo chikhomocho chiyenera kukhala chinthu chimene munthu sangakhale nacho chambirimbiri mosavuta. Adiresi ya imelo ndi chikhomo chofooka, popeza munthu angatsegule zingapo tsiku limodzi asanadye nsima yamadzulo. Nambala ya foni ndi yolimbirapo. WhatsApp, imene Jan Koum ndi Brian Acton anayambitsa ku California mu 2009, Facebook n'kudzaigula mu 2014, inasankha chikhomo chimenechi: nambala imodzi, akaunti imodzi. Mukamalembetsa imakutumizirani manambala asanu ndi limodzi pa uthenga wa pafoni, ndipo amene walemba manambalawo ndiye imamutenga kukhala mwini nambala. Mapulogalamu ena amamangirira pa foni yeniyeniyo, ena pa chiphaso, ena mpaka amakuuzani mujambule nkhope yanu mukuphethira kuti atsimikize kuti simwawaonetsa chithunzi cha munthu wina.

Kuno kwathu nambala ya foni inasiya kukhala yamasewera zaka zingapo zapitazo, ndipo ndimakayika ngati nonse munazindikira. Kale simukhadi tinkagula pamsika ngati tomato, kuitaya, kugulanso ina. Mu 2017 boma kudzera ku National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, kuwajambula nkhope ndi kudinda zala zawo. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, yosalembetsa itsekedwe. Kuchokera pamenepo pali chingwe chosaduka: akaunti imaloza nambala, nambala imaloza chiphaso chaunzika, chiphaso chimaloza nkhope yanu, zala zanu ndi mudzi wanu. Ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zili pachingwe chomwecho. Wofufuza mlandu akagwira mbali imodzi n'kuyamba kukoka, kumapeto kwake kumatuluka munthu amene chiphaso chake chinaonetsedwa tsiku lolembetsa.

Nanga n'chifukwa chiyani eni mapulogalamu amaumirira pa akaunti imodzi? Mdzukulu wanga uja akuti ndi umbombo, ndipo sindingakane kuti pena umbombo ulipo. Netflix itayamba mu 2023 kuletsa anthu osakhala nyumba imodzi kugawana akaunti, inkafuna ndalama, palibe china. Koma taganizani za pulogalamu yobwereketsa ndalama. Munthu akatenga ngongole n'kuthawa, mawa n'kubweranso ndi dzina lina n'kutenganso, mphika umauma, ndipo woona mtima amapeza mulibe kanthu kapena chiwongoladzanja chakwera. Taganizani za malo ogulitsirana katundu pa intaneti, pomwe mumakhulupirira wogulitsa chifukwa anthu makumi awiri amuyamikira. Ngati makumi awiriwo ndi iye yemweyo ndi mafoni ake, mwakhulupirira mphepo. Pachisankho amatipaka inki pachala pa chifukwa chomwechi, ndipo sindinamvepo munthu wanzeru akudandaula kuti inkiyo ikumuphwanyira ufulu. Makampani a njuga za pafoni nawonso amalemba m'malamulo awo kuti munthu mmodzi akhale ndi akaunti imodzi, ndipo ambiri a iwo amadzakufunsani chiphaso tsiku limene mwawina ndalama zambiri, osati tsiku limene mukuluza. Dzina likasiyana, ndalamazo simuziona. Za njugazo ndili ndi mawu ambiri, koma ndiwasungira tsiku lina.

Tsopano ndifike pamene pakundipweteka. Kutsegula akaunti zabodza kuti mulandire kamphatso kawiri ndi kuba kwa mbewa, kochititsa manyazi koma kakang'ono. Chimene chimagwetsa ana abwino ndi kubwereketsa dzina. Ife Amalawi tinaleredwa mobwerekana. Khasu timabwerekana, mtondo, njinga, ngakhale jekete lopita nalo kuukwati. Wokana kubwereketsa timamuti ndi wouma mtima. Ndiye msuweni wanu akabwera n'kunena kuti, "Achimwene, chiphaso changa chinatayika, tandilembetserani simukhadi pa dzina lanu," pakamwa pamalemera kukana. Mnyamata wina wa kumpingo kwathu, woyimba kwaya, wosadziwa n'komwe fungo la mowa, anachitira chifundo chotere mnzake amene anakula naye. Simukhadiyo inayenda manja angapo mpaka inafika kwa anthu oimbira foni amayi a kumudzi kuwanamiza kuti mwana wawo wachita ngozi, atumize msanga ndalama za kuchipatala. Odandaula atachuluka, apolisi anakoka chingwe chija, ndipo anatulukira pakhomo pa woyimba kwaya. Anadzamasulidwa, inde, koma atagona m'chitolokosi, ndipo makolo ake atagulitsa mbuzi poyendera nkhaniyo. Mnzake uja mpaka lero sanaoneke.

Musaganize kuti izi zimagwera opusa okha. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo itayamba mu 2020, feteleza ankagulidwa poonetsa chiphaso chaunzika, ndipo tinaona akuluakulu a ndevu zawo akupereka ziphaso kwa mavenda posinthana ndi ndalama zodya sabata imodzi. Dzinja litafika, chimanga cha wavenda chinali chobiriwira, cha mwini chiphaso chachikasu. M'kaundula munalembedwa kuti mwini chiphaso analandira matumba ake. Akadandaule kwa yani? Makina samva kuti "ndinangomubwereka." Chimene chachitika pa dzina lanu chimawerengedwa kuti mwachita ndinu.

Palinso kubwereketsa dzina kosadziwa, ndipo kumeneku kwalira nako ngakhale aphunzitsi ndi abusa. Mumalandira uthenga wochokera kwa munthu amene mumamudziwa: "Pepani, ndatumiza manambala ena kwa inu molakwitsa, tanditumizireni." Mukayang'ana, zoonadi kwabwera uthenga wa manambala asanu ndi limodzi. Mukangowatumiza, mwapereka kiyi wa nyumba. Wolemba uthengayo sanali mnzanuyo, inali mbava imene inalanda kale akaunti yake, ndipo inali ikulembetsa nambala yanu pafoni yake. Popeza nambala imodzi imakhala ndi akaunti imodzi, WhatsApp yanu imasamukira kwa mbavayo, inu n'kutsekeredwa kunja. Lamulo lomwe lija lokutetezani lakutembenukirani. Kenako mbavayo imalowa m'gulu la kumpingo, la kubanja, la anzanu a kusukulu, ikupempha chithandizo cha maliro ndi chithunzi chanu. Mungathe kuilanditsa akauntiyo polembetsanso nambala yanu n'kulandira manambala atsopano, koma mbavayo ikakhala kuti yaikapo nambala yake yachinsinsi, mungadikire masiku 7, ndipo pa masiku amenewo manyazi amakhala atafika kale kwa apongozi. Mankhwala ake ndi aulere. Mu WhatsApp momwemo muli poika nambala yanuyanu yachinsinsi ya manambala asanu ndi limodzi, chitseko chachiwiri chimene mbava singatsegule ndi uthenga wokha uja. Kuika kwake sikutenga nthawi yoposa yowiritsa madzi a tiyi, koma ndikafunsa achinyamata khumi, ambiri amangokanda m'mutu.

Mwina wina anena kuti, "Agogo, nanga ine ndili ndi bizinesi, sindifuna makasitomala azindiimbira pa nambala ya kunyumba." Zimenezo n'zomveka, ndipo palibe choipa. Mafoni ambiri amene tikugwiritsa ntchito amalowa simukhadi ziwiri, ndipo kuyambira mu 2023 WhatsApp inalola kuti foni imodzi ikhale ndi akaunti ziwiri, iliyonse ndi nambala yake. Chaka chomwecho inalolanso kuti akaunti imodzi itsegulidwe pa mafoni ena owonjezera, malire ake zipangizo zinayi. Wamalonda amene ali ndi nambala ziwiri, zonse zolembetsedwa pa chiphaso chake, sakubisala. Ali ngati munthu wokhala ndi nyumba ndi golosale, konse kuwiri akudziwika kuti ndi yemweyo. Amene ndikumudandaula ndi uja wa mayina anayi pa Facebook, kwina mnyamata, kwina mtsikana wa ku Johannesburg, kwina mneneri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku lina adzatumiza uthenga wa phanga lina ali m'phanga lina, ndipo mvula yake sadzaiiwala.

Kuchulukitsa manambala kuli ndi msampha winanso umene ambiri sauganizira. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka n'kudzagulitsa nambalayo kwa munthu wina. Inu mwaiwala, koma akaunti zimene munamangirira pa nambala ija zikadali pomwepo. WhatsApp payokha imanena kuti akaunti ikakhala masiku 45 osagwiritsidwa ntchito kenako n'kutsegulidwa pafoni ina, imaona ngati nambalayo yasintha mwini, ndipo imafufuta za mwini wakale. Si mapulogalamu onse amene ali ndi chisamaliro chotere. Mlendo amene wagula nambala yanu yakale angalandire uthenga wotsegulira Facebook yanu kapena imelo yanu. Inu amene mukupita ku Joni kapena ku Ulaya, musanakwere basi kapena ndege, samutsani akaunti zanu kapena siyani nambalayo ili yamoyo. Ndipo mukagulitsa foni, ifufuteni yonse kaye. Ndinagulapo foni yakale pamsika, n'kupezamo zithunzi ndi mauthenga a mwini wake woyamba zimene sindikanafuna mwana wanga aone.

Tsono ena mwa inu simungogwiritsa ntchito mapulogalamuwa, mukuphunzira kuwapanga, ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA, kapena panokha usiku ndi bandulo yotsika mtengo. Inu ndiye ndikufuna mundimvetsere bwino, chifukwa mawa mudzakhala alembi a buku lija. Vuto limene mukulimbana nalo lili ndi dzina. Mu 2002 John Douceur wa ku Microsoft analemba za chimene anachitcha Sybil attack, ndipo anaonetsa kuti pomwe palibe wodalirika wotsimikizira kuti uyu ndi uje, munthu mmodzi angathe kudzisandutsa khamu. Choncho mpanda ndi wofunika. Koma musanakumbe dzenje la mzati woyamba, dzifunseni kuti mukutchinga chiyani. Kuletsa munthu mmodzi kukhala ndi akaunti ziwiri ndi nkhani ina. Kuletsa akaunti imodzi kutsegulidwa pa mafoni awiri nthawi imodzi ndi inanso, ndipo mabanki amachita bwino kutero. Koma kuletsa foni imodzi kulowetsa anthu awiri, monga inachitira pulogalamu ija ya mdzukulu wanga, ndiko kumene ndikukupemphani muganize kawiri.

Amene anayamba kupanga mapulogalamuwa ankakhala m'mayiko momwe aliyense ali ndi foni yake m'thumba. Pitani kumudzi kwanu pa tchuthi mukaone. Foni yamakono imakhala imodzi pakhomo, pena imodzi pa mabanja atatu. Bambo amaonerapo mitengo ya soya, mayi amalandirirapo ndalama zochokera kwa mwana wa ku tauni, mtsikana wa sekondale amawerengerapo, agogo amamverapo mawu a adzukulu a kutali. Enawo ali ndi simukhadi zawo zokulunga m'kapepala kapena zili m'kafoni ka mabatani. Mukalamula kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi, mwagwira mbava imodzi n'kutsekera kunja anthu osalakwa asanu, ndipo ambiri mwa otsekeredwawo adzakhala amayi, chifukwa tikudziwa tonse kuti foni ikakhala imodzi pakhomo imagona m'thumba la yani. Komanso mpanda wa pafoni si wolimba monga mukuganizira. Nambala ya IMEI, ija ya manambala 15 imene imaoneka mukaimba *#06#, mapulogalamu wamba analetsedwa kuiwerenga kuyambira pa Android 10 mu 2019, ndipo zizindikiro zina za foni zimasintha munthu akangoifufuta yonse. Mbava yodziwa ntchito yake imalumpha mpandawo, wokodwa ndi mlimi. Mangirirani akaunti pa munthu, pa nambala yake ndi chiphaso chake ngati nkhaniyo ndi ya ndalama. Foniyo ilole kuti wina atuluke, wina alowe, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi. Mukaona foni imodzi yalembetsa anthu makumi asanu tsiku limodzi, apo ndiye dzidzimukani.

Musaiwalenso khomo lobwererapo. Mafoni amabedwa m'minibasi, amagwera m'chitsime, amapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu. Munthu amene akaunti yake ndi imodzi yokha, mukamutsekera alibe kwina kopita. Ndinavutikapo milungu itatu ndi pulogalamu ina foni yanga itabedwa. Inkaumirira kutumiza uthenga wotsimikizira ku foni yobedwayo, ndipo nambala yawo yothandizira anthu inkangoimba nyimbo. Amene anaipanga anaganizira za mbava, sanaganizire za wobedwa. Ndipo chiphaso chimene mwapempha, chisungeni ngati cha amayi anu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, musapemphe chithunzi cha chiphaso pa pulogalamu yongomvera nyimbo. Chimene simunasonkhanitse sichingabedwe kwa inu.

Katsala kankhani kamodzi kamene kakundikhudza ine mwini, popeza maso anga ayamba kuchita chifunga. Ambiri a ife okalamba timakupatsani foni kuti mutithandize. Ndalama zikabwera timati, "Taona mwanawe, zalowa zingati?" Apa lamulo la akaunti imodzi munthu mmodzi limafika pamapeto a mphamvu zake, chifukwa makina akuganiza kuti akulankhula ndi agogo pomwe chala ndi cha mdzukulu. Palibe katswiri wa kompyuta amene angatchinge mpata umenewo. Ndikudziwa makomo amene agogo amauzidwa kuti zalowa zikwi khumi pomwe zinalowa zikwi makumi awiri, ndipo amadziwa, koma amangokhala chete poti khoswe wakhala pamkhate. Mukamathandiza wachikulire, muwerengereni uthenga wonse mokweza monga walembedwera. Pofika polemba nambala yachinsinsi, mupatseni foni alembe yekha ngati angathe, inu muyang'ane kumbali. Kwa ejenti pitani naye limodzi, ndalama aziwerengere m'manja mwake. Foni ndi yanu mwina, munagula ndi thukuta lanu, koma akauntiyo ndi yake.

Mdzukulu wanga uja kamphatso kachiwiri sanakalandire, ndipo mlongo wake anadzalembetsa yekha pafoni ya mnzake, ndi nambala yake. Tsiku lomwelo tinakhala pansi tonse atatu n'kuika nambala yachinsinsi pa WhatsApp ya aliyense, ya ine ndemwe. Inunso sabata ino khalani pansi mukumbukire simukhadi zonse zimene munalembetsa pa chiphaso chanu kuyambira 2018. Ngati pali ina imene ili m'manja mwa munthu wina, kaya ndi msuweni, kaya ndi chibwenzi chakale, tengani chiphasocho mupite ku ofesi ya kampani ya foni mukaitseketse kapena mukaisinthe dzina.